Tiyang'ane Msana wa Mwana Pomusambitsa

Mawu amene adayankhulidwa kwa amayi pa tsiku la chikondwerero cha bungwe lathu mu mzinda wa Mzuzu



Tikuthokoza kuti pa tsiku lalikulu ngati lino mwatipatsa ife a gulu loyendera odwala kanthawi koti tiyankhule. Chaka ndi chaka timakumbutsana za malungo, za kutsekula m'mimba ndi za kadyetsedwe ka ana, ndipo nkoyenera kutero pakuti amenewa ndiwo matenda otipeza kawirikawiri. Koma lero tabwera ndi nkhani ya vuto losowa, la ana amene amabadwa msana wawo usanapangike bwino kumunsi kwake, kotero kuti mitsempha yopita ku miyendo ndi ku chikhodzodzo imapanikizika kapena kukokeka.

Mwina wina afunsa kuti, nanga tichedwerenji ndi matenda osowa? Chifukwa chake nchakuti oyamba kuona msana wa mwana ndife amayi. Ndife amene timasambitsa khanda likadali m'chikuta, ndife timalidzoza mafuta ndi kulisintha matewera. Zizindikiro zambiri za vutoli zimakhala pakhungu la msana pomwepo, ndipo diso lodziwa likaziona msanga, mwana angathe kupulumutsidwa miyendo ndi impso zake.

MMENE MSANA UMAPANGIKIRA

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tili kumunsi kwenikweni, kumene timalumikizana munthu akamakula. Kafupa kalikonse kali ndi bowo, ndipo mabowowo akalondolana amapanga ngalande. M'ngalande imeneyi mumadutsa chingwe chofewa cha mitsempha chochokera ku ubongo. Ndicho chimatenga mauthenga. Phazi likaponda munga, uthenga umakwera pa chingwechi kukafika ku ubongo. Chikhodzodzo chikadzaza, uthenga umadzera njira yomweyo. Mwa munthu wamkulu chingwechi chimathera cha pa kafupa koyamba kapena kachiwiri ka m'chiuno, ndipo kuchokera pamenepo mitsempha imamwazikana ngati mchira wa kavalo kupita ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi ku njira ya chimbudzi.

Tsono chingwe chimenechi chimayamba kupangika msanga kwambiri. Poyamba chimakhala chafulati ngati kansalu, kenaka chimapindika ndi kutsekeka, monga mmene ife timapindira nsalu ndi kuisoka, kuyambira pakati kulowera kumapeto konse kuwiri. Kumutu kumapangika ubongo, kumunsi ndiko kumatsekeka pomaliza. Ntchito yonseyi imatha pofika tsiku la 28 chitengereni pathupi, mwana akadali wochepa ngati njere ya mpunga. Msoko ukapanda kufika kumapeto, mwana amabadwa ndi vuto limene madokotala amalitcha spina bifida, mawu a Chilatini otanthauza msana wogawanika. Dzinali adalitchukitsa ndi Nicolaes Tulp, dokotala wa ku Amsterdam, m'chaka cha 1641. Pa dziko lonse lapansi, ana oposa 200,000 chaka chilichonse amakhala ndi mavuto a kusatsekeka kwa chingwe chimenechi.

MTUNDU WOONEKERA

Mtundu woyamba subisika. Khanda limabadwa ndi kathumba ka madzi kapena chilonda chofiira pakati pa msana, kawirikawiri kumunsi. M'kathumbamo mumakhala mitsempha imene inayenera kukhala yotetezedwa m'kati mwa mafupa. Miyendo ingakhale yofooka, mapazi opindika, ndipo mkodzo umangodontha.

Choopsa choyamba ndi tizilombo. Tikalowa pa chilondacho timakwera mpaka ku ubongo. Nchifukwa chake madokotala amafuna kutseka malowo ndi opaleshoni m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Khanda lotere likabadwira kunyumba kapena panjira, tiphimbe malowo ndi kansalu koyera bwino, tiligoneke chafufumimba kapena chammbali, tilifunditse, lipitirize kuyamwa, ndipo tithamange nalo ku chipatala tsiku lomwelo. Kathumbako sikoboola, sikofinya, sikotemera mphini, ndipo sikopaka mankhwala a zitsamba.

Chachiwiri nchakuti ana pafupifupi 8 mwa 10 a mtundu umenewu amachulukirwa madzi m'mutu. Mutu umakula mofulumira, liwombo limatupa ndi kulimba, maso amayang'ana pansi, mwana amasanza ndi kulira kosatonthozeka. Nalonso vutoli lili ndi thandizo. Madokotala amaika kachubu kotsitsa madziwo kuchoka m'mutu kupita m'mimba, kapena amatsekula kanjira m'kati mwa ubongo kuti madzi azidutsa. Njira yachiwiriyi adaipititsa patsogolo ndi Dr Benjamin Warf pothandiza ana ku Mbale, m'dziko la Uganda.

MTUNDU WOBISIKA

Apa ndi pamene tifuna tichedwepo, pakuti mtundu uwu ndi umene umapitirira anthu osauzindikira. Khanda limabadwa khungu lili lotseka bwino, likuponda miyendo, likuyamwa, aliyense nkukondwera. Koma m'kati, kumapeto kwa chingwe chija kumakhala kutagwidwa. Mwa ana ena chimagwidwa ndi chotupa cha mafuta chimene chimalowa m'ngalande ya msana ndi kupanikiza mitsempha. Mwa ena chimamangika ndi kamtsempha kolimba kosatamuka. Mwa ena kafupa kamamera pakati pa ngalande ndi kugawa chingwecho pawiri. Palinso ana amene amakhala ndi kanjira kakang'ono kochokera pakhungu kukafika m'kati mwa msana, kamene kangalowetse tizilombo.

Kuti timvetse chimene chimachitika, tiganize za mbuzi yaing'ono yomangidwa ndi chingwe chachifupi pa chikhomo. Ikakhala pafupi sizimveka kanthu, koma ikafuna kupita patali chingwe chimakungika. Mafupa a msana amakula mofulumira kuposa chingwe cha mitsempha. Mwa mwana wabwinobwino chingwecho chimakhala chomasuka, chimasendera m'mwamba mafupa akamatalika. Chikakhala chogwidwa kumunsi, mwana akamakula chimakokeka, magazi safikamo okwanira, ndipo mitsempha imayamba kufooka pang'onopang'ono. Vutoli lingayambe kuoneka mwana ali ndi zaka 3, ali ndi zaka 7, kapena pa nthawi ya kutha msinkhu pamene amatalika mofulumira.

Khungu ndi chingwe cha msana zimachokera ku chiyambi chimodzi mwana akamapangika, kotero kulakwika kwa m'kati kawirikawiri kumasiya chizindikiro kunja. Pomusambitsa mwana, timutembenuze ndi kuyang'ana mzere wa pakati pa msana, makamaka pamwamba pa matako. Zoti tiyang'ane ndi izi:

1. Tsitsi lomera mowirira pamalo amodzi, nthawi zina lalitali ndithu.
2. Chotupa chofewa pansi pa khungu, chosapweteka.
3. Kabowo kapena kadzenje kokhala pamwamba pa mzere wa matako, makamaka kozama, kapena kotuluka madzi ndi mafinya.
4. Banga lofiira, kapena kachikopa kolendewera ngati kamchira.
5. Mzere wa matako wokhota kapena wogawika ngati mphanda.

Tisachite mantha ndi chilichonse chimene taona. Mabanga akuda motuwira amene makanda athu ambiri amabadwa nawo m'matako alibe vuto, amazimiririka okha. Kadzenje kakang'ono kosazama, kokhala m'kati mwenimweni mwa mzere wa matako, kamapezeka mwa makanda ambiri ndipo kawirikawiri sikatanthauza kanthu. Ndiponso munthu mmodzi mwa anthu 10, kapena kuposerapo, ali ndi kafupa ka msana kosatsekeka bwino, amakhala moyo wake wonse osadziwa, osadwala. Koma chimene tachikayikira tikachionetse kwa anamwino. Safunsa adadya phula.

Pali chifukwa chofulumirira. M'miyezi itatu kapena inayi yoyamba mafupa a khanda amakhala asanakhwime, kotero makina ounikira omwe aja amaunikira amayi apakati angathe kuona chingwe cha msana. Nthawi imeneyi ikapita pamafunika makina a MRI, amene amapezeka m'zipatala zowerengeka zokha.

ZIZINDIKIRO MWANA AKAMAKULA

Mwana wina sakhala ndi chizindikiro pakhungu, kapena chinalipo koma palibe adachiona. Pamenepo thupi limalankhula mwa njira zina. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona amayambiranso, ndipo amadzinyowetsa ngakhale masana. Amadwaladwala matenda a m'chikhodzodzo. Amadzimbidwa, kapena amadziipitsira osazindikira. Amapunthwa kawirikawiri, nsapato imodzi imatha mbali imodzi, phazi limodzi limachepa kapena kukhota, mwendo umodzi umawonda. Amadandaula msana ndi miyendo akayenda kapena akawerama. Msana ungayambe kupindikira kumbali. Chilonda cha kuphazi sichipola, ndipo mwanayo samva kuwawa kwake.

Tiyeni tinene zoona, amayi. Mwana wa zaka 9 akamanyowetsa yunifolomu kusukulu, zimene amakumana nazo ndi kunyozedwa ndi anzake, kukalipidwa kunyumba, mwinanso chikwapu. Timati ndi ulesi, timati ndi mwano. Ana ambiri okodza pogona alibe vuto la msana ndipo amasiya okha. Koma kukodza kukabwera pamodzi ndi kusintha kwa kayendedwe, kapena ndi chimodzi mwa zizindikiro za pakhungu zija, mwanayo akufunika dokotala.

Opaleshoni yomasula chingwe imathandiza kwambiri kuletsa vuto kupitirira ndi kuchepetsa ululu. Koma mtsempha umene wafa kale kawirikawiri subwerera. Mwana wofika ku chipatala akuyendabe ali ndi mwayi waukulu woti apitirize kuyenda. M'mera mpoyamba.

Vutoli lingabisale mpaka munthu atakula, nkudzaonekera atagwa, atanyamula katundu wolemera, kapena atabereka. Tikudziwa kuti msana umatiwawa ambiri a ife chifukwa cha khasu, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi, ndipo kuwawa kotere sikuchokera ku chibadwa. Koma munthu aliyense, mwana kapena wamkulu, akachita dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, mkodzo nkukana kutuluka kapena kumangotuluka wokha, miyendo yonse iwiri nkufooka, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Mitsempha ikapanikizika chotero sidikira.

KUMENE KULI THANDIZO

Poyambira ndi pafupi pomwe tili: ku sikelo ya ana, kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, ku Mapale, ku St John's kapena ku Ekwendeni. Iwo akaona kuti nkofunika amatumiza mwana ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsekulidwa m'chaka cha 2000 kuti chizilandira odwala a chigawo chonse cha kumpoto. Madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana ndi ochepa m'dziko muno, motero ana ena amatumizidwa ku chipatala cha Kamuzu ku Lilongwe, kumene kudamangidwa nthambi ya mafupa ndi ubongo yotchedwa LION, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Dr Patrick Kamalo adadziwika ndi ntchito yothandiza ana a madzi m'mutu ndi a msana wotseguka. Pa chipatala chomwecho padatsekulidwa Mercy James, nyumba ya opaleshoni ya ana, m'chaka cha 2017. Ku Blantyre komweko kuli Beit CURE, chipatala chimene chidayamba mu 2002 ndipo chimawongola mapazi ndi miyendo ya ana.

Kuchokera ku Mzuzu kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndipo ku Blantyre ndi oposa 600. Mayi wa ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo amene wauzidwa kuti apite ulendo wotere amayamba waganiza za ana otsala, za geni yake ya kumsika, za ufa ndi sopo wa kuchipatala. Mabanja ena amalephera ulendowo chifukwa cha zimenezi. Mawu amenewa tiwasunge, tibwereranso kwa iwo pomaliza.

KUSAMALA MWANA KUNYUMBA

Opaleshoni ikatha, ntchito yaikulu imatsalira kunyumba. Mdani wamkulu wa ana otere ndi kuonongeka kwa impso. Chikhodzodzo chikamalephera kukhuthula mkodzo wonse, mkodzowo umabwerera ku impso ndi kuziononga mwakachetechete. M'chaka cha 1972 dokotala wina wa ku America, Jack Lapides, adaonetsa kuti munthu angathe kumachotsa mkodzo ndi kachubu kotsukidwa bwino kangapo pa tsiku, ali kunyumba kwake. Njira yapafupi imeneyi yapulumutsa ana ambiri. Mayi amaphunzitsidwa ndi anamwino, ndipo mwana akafika msinkhu wa kusukulu amaphunzira kuchita yekha. Pali njiranso yotsukira m'matumbo pa nthawi yake kuti mwana akhale waukhondo tsiku lonse ndi kukhala m'kalasi mopanda manyazi.

Chachiwiri ndi khungu. Kuno kwathu kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo tonse timaunjikana pa mbaula. Mwana wosamva kanthu kumapazi angapse mpaka chilonda chachikulu osalira konse. Timukhazike patali ndi moto, tiyese madzi osamba ndi dzanja lathu, timuveke masokosi ndi nsapato zosathina. Madzulo aliwonse tiyang'ane mapazi ndi matako ake ngati pali pofiira. Amene amakhala pansi kapena pa njinga nthawi yaitali azisinthidwa kakhalidwe pafupipafupi.

Chachitatu ndi sukulu. Ambiri mwa ana amenewa nzeru zawo nzabwinobwino. Chimene chimawatsekereza ndi matope a m'njira, masitepe ndi zimbudzi zosalowamo njinga. Mwana wosungidwa kuseri kwa nyumba amataya zambiri kuposa zimene matendawo adamulanda.

MASIKU 28 OYAMBA

Tsono nanga vutoli lingapewedwe? Mbali yaikulu ya mtundu woonekera uja ingapewedwe ndi vitamini wotchedwa folic acid. Amene adatsegula njira yomutulukira ndi mayi mnzathu, Dr Lucy Wills, amene mu 1931 ankathandiza amayi apakati osowa magazi ku Bombay, m'dziko la India. Mu 1941 vitaminiyu adapezedwa m'masamba a sipinachi, ndipo dzina lake lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza tsamba. Mu 1991 kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Britain, wochitika pakati pa amayi amene adaberekapo kale mwana wa vutoli, adaonetsa kuti folic acid amateteza ana pafupifupi 7 mwa 10 amene akadabadwa nalo. Dziko la America lidayamba kuthira vitaminiyu mu ufa mu 1998. South Africa idachita chimodzimodzi mu 2003, ndipo ana obadwa ndi vutoli adachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2023 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse udapempha maiko onse kuti alimbikitse ntchito imeneyi.

Kuno kwathu ufa wa m'mapaketi wochokera ku mafakitale aakulu umathiridwa mavitamini, koma ambiri a ife timadya ufa wa ku chigayo, umene ulibe zoonjezerazo. Mapiritsi oonjezera magazi a ku sikelo ali ndi folic acid, koma taonani nthawi yake. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 ndiwo amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Mwambo wathu nawo umati pathupi pang'ono sipoulula. Pamene mayi akuganiza zoyamba sikelo, msana wa mwana udatsekeka kapena kulephera kutsekeka kalekale.

Nchifukwa chake langizo nlakuti mayi aliyense woyembekezera kutenga pathupi ayambe kumwa mamaikulogalamu 400 a folic acid tsiku lililonse, mwezi umodzi kapena kuposerapo asanatenge pathupi, mpaka miyezi itatu yoyamba itatha. Mayi amene adaberekapo mwana wa vutoli amapatsidwa mlingo woposa umenewu kakhumi, molangizidwa ndi dokotala. Mayi wa matenda a shuga, ndi amene akumwa mankhwala a khunyu, akambirane ndi dokotala asanatenge pathupi, koma asasiye mankhwala payekha.

Ndiwo zathu nazo zili ndi vitaminiyu: bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, chigwada, mpiru, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, mapeyala, malalanje ndi mazira. Tingoonetsetsa kuti masamba tisawaphike mopitiriza, pakuti moto wambiri umapha vitaminiyu, ndiponso msuzi wake tisataye. Komabe ndiwo zokha sizikwanira kulowa m'malo mwa piritsi. Ndipo popeza folic acid amateteza makamaka ku mtundu woonekera, mtundu wobisika uja umadalirabe maso athu.

GAWO LATHU

Mwana akabadwa ndi chotupa pamsana, mafunso amayamba khanda lisanatuluke m'chikuta. Ena amati walodzedwa. Ena amati mayi kapena bambo adasempha mwambo. Ena amaloza mtundu wa kuchikazi. Maukwati ena amatha, ndipo mayi amatsala yekha ndi mwana wofuna chisamaliro usana ndi usiku. Amayi ndi abambo, tamva mmene msana umapangikira. Palibe amene adalodza, palibe amene adachimwa. Vutoli limapezeka m'maiko onse, kwa olemera ndi osauka omwe. Abambo amene muli pano, mwana wotere amafuna mapewa anu, ndipo mayi ake amafuna mawu anu pamene achibale ayamba kuloza zala.

Tsono ife tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, tikapita kukaona mwana watsopano ndi ufa ndi sopo monga timachitira, tifunse mwaulemu ngati msana wa khanda udayang'anidwa, ndipo agogo ndi apongozi amene amasambitsa makanda tiwafotokozere zizindikiro zisanu zija. Chachiwiri, alangizi athu pa chilangizo cha atsikana ndi cha ukwati aonjezere nkhani ya folic acid ndi ya kuyamba sikelo msanga, pakuti malo oyenera nkhaniyi ndi amenewo, pathupi pasanabwere. Chachitatu, nthambi iliyonse ipatule kangachepe m'thumba la odwala kothandizira ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo pakhale amayi odzipereka kusamala ana otsala kunyumba. Chachinayi, ana aulumali a m'dera lathu tiwadziwe maina, tiwayendere, tiwaperekeze ku sukulu, ndipo amayi awo tiwalandire katundu ngakhale tsiku limodzi pa sabata. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Makolo a ana otere m'dziko muno adayambitsa bungwe lawo lotchedwa PASHL kuti azilimbikitsana, ndipo pa 25 October chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira anthu a msana wotseguka ndi a madzi m'mutu. Kukadakhala bwino kuti pofika tsiku limenelo nthambi iliyonse ikhale itakambirana nkhaniyi ndi kudziwa mabanja a m'dera lake ofunika thandizo, kuti pa chikondwerero chikubwerachi tidzamve malipoti ake.